Kandege koyamba ka rimoti: chogula n'chiti, chotola n'chiti?

Kandege kanga koyamba kanakhala m'mwamba masekondi osakwana khumi. Ndinakaponya cha m'ma 4 koloko masana mwezi wa July, mwera uli pachimake, pabwalo la mpira la sukulu ina kuseri kwa phiri la Kasungu. Kanakwera monyada mphuno itayang'ana kumwamba, kanaima pang'ono ngati kakuganiza, kenako n'kubwera chamutu pafupi ndi golo. Ana amene anasiya mpira wawo wachikulunga kuti aonerere ndi amene anathamangira zidutswa. Wina anabwera ndi phiko, wina mchira, ndipo kamnyamata kena kanandipatsa mota ili mbuu ndi fumbi n'kufunsa kuti, "Ankolo, ndiye yathera pompa?"

Mota ija ndikuulutsirabe mpaka lero. Rimoti ndi yomweyo, ma servo (timakina tokankha ziwongolero) awiri mwa atatu ndi omwewo. Zimene zinafa tsiku lija ndi thupi ndi pulopela basi. Kandege koyamba kamagwa, ndipo sikagwa kamodzi. Ndiye chipangizo chilichonse muzichifunsa funso limodzi: kandege kakamenya pansi, iwe upulumuka? Chopulumuka gulani chabwino ngakhale thumba lilire. Chosweka chikhale chimene mungapangenso Loweruka limodzi popanda kukongola.

Kam'bokosi kapena kopanga nokha

Njira yachidule ndi kugula kandege kathunthu, kokhala ndi rimoti, batire ndi tchaja m'bokosi limodzi. Tilipo tating'ono ngati Volantex Ranger 600, ka mapiko a masentimita 60, tokhala ndi kachipangizo kotiwongola tokha tikapendekeka. Kwa mwana wa zaka khumi kapena munthu wongofuna kulawa, palibe cholakwika. Koma kamphepo kochepa chabe kamatinyamula ngati tsamba, rimoti yake simungaisamutsire bwinobwino pa ndege yaikulu, ndipo kachipangizo kamodzi kakapsa m'kati mwake mudzadikira miyezi kuti kena kafike.

Njira yachiwiri ndi kuitanitsa thupi lopangidwa kale ku fakitale, mota ndi ma servo zili momwemo, inu n'kuwonjezera rimoti ndi batire. Ndege ngati Bixler kapena EasyStar zaphunzitsa anthu ambiri kuuluka, ndipo fomu yake, pulasitiki yofewa yopepuka imene amazipangira, imapirira kugwa. Vuto lili pa katoni. Ndegeyo ndi yopepuka koma katoni yake ndi yaikulu, ndipo onyamula katundu amawerengera malo amene yatenga, msonkho n'kubwera pamwamba. Ngati muli ndi mlamu wochokera ku Joni pa basi amene angalolere kuisamala ngati mazira, njira imeneyi ndi yabwino. Ngati mulibe, iwalani.

Ine ndimakokera anthu ku njira yachitatu: kuitanitsa zamagetsi zokhazokha, zimene zonse pamodzi zimakwana m'kajumbo, thupi n'kupanga nokha. Mapulani aulere alipo, a gulu la pa intaneti la Flite Test ndiwo otchuka, ndipo mukhoza kuwasindikiza pa mapepala a A4 pa boma pompa n'kuwalumikiza ndi selotepu. Ubwino wake waukulu suli pa mtengo wokha. Munthu amene wadula yekha phiko saopa kuliona litathyoka, ndipo wosaopa ndi amene amaphunzira msanga.

Maonekedwe ake

Aliyense amalakalaka ndege yankhondo yamphuno yosongoka. Imeneyo idzabwera chaka chamawa. Koyamba kakhale ka phiko lapamwamba pa thupi, nsonga zake zitakwezedwa pang'ono ngati V wophwatalala. Kotereka kakapendekeka kamadziwongola kokha mukangosiya timitengo ta rimoti. Ka phiko lapansi kamapita kumene mwakalozetsa, ngakhale kutakhala kudothi.

Kukula kwake, ine ndimakonda phiko la masentimita 120 m'litali ndi 20 m'lifupi, kandege konse pamodzi ndi batire kasapitirire magalamu 800. Kakang'ono kuposa apa kamanjenjemera ndi mphepo ndipo kakangotalikira pang'ono simudziwa ngati kakubwera kapena kakupita. Kulemera musakuchepetse m'maganizo. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, makamaka kukatentha mu October, choncho kandege kolemera kamafunika liwiro lalikulu kuti kayandame. Liwiro ndi mdani wa wophunzira. Bwerekani sikelo ya kukhitchini muziyeza chidutswa chilichonse musanamate.

Mota ikhoza kukhala pamphuno kapena kumbuyo kwa phiko, ikukankha. Yapamphuno ndi yosavuta kumanga, koma mphuno ndi imene imayamba kufika pansi, ndipo kugwa kulikonse kumadya pulopela, mwina n'kupinda kachitsulo ka mota. Kwa ife amene pulopela sitiigula pa golosale, yakumbuyo ndi yanzeru. Ingosamalani dzanja poponya, chifukwa pulopela imadutsa pomwe panali zala zanu.

Matayala asiyeni. Mabwalo athu ali ndi ziputu za udzu, minda ili ndi mizere, ndipo tayala laling'ono likakodwa kandege kamagubuduka. Ponyani ndi dzanja, katere ndi mimba, pansi pakepo mutamatapo selotepu yokhuthala.

Pa zowongolera, mukhoza kuyamba ndi zitatu: mphamvu ya mota, chiwongolero choimirira cha kumchira chokhotetsa, ndi chogona chokweza kapena kutsitsa mphuno. Ma servo awiri akwana. Chachinayi ndi timapiko ta m'mphepete mwa phiko totchedwa aileron. Timathandiza kulimbana ndi mphepo yam'mbali, koma sitikhululuka dzanja likalakwitsa. Phiko ndi lomangirira ndi mphira, ndiye la aileron mudzalipanga padera mukazolowera.

Thupi: pano ndi pamene pali mkangano

Amene anaphunzira kale masewerawa amalumbirira mtengo wa balsa. Ndi wopepuka zedi, ndege yake imakongola, koma kwawo ndi ku America ya kumwera, kuno ndi woitanitsa, ndipo ukasweka umasanduka timitengo ta machesi. Ntchito ya mwezi wathunthu imatha m'kuphethira kwa diso. Siyani kaye.

Foam board, kabolodi ka mamilimita 5 ka fomu pakati ndi pepala uku ndi uku, ndi imene mapulani ambiri aulere amayembekezera kuti muli nayo. Imadulika ndi lezala, imapindika kukhala phiko, ndipo musaiderere. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako ma drone pabwalo la ndege la Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse. Chakumapeto kwa chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi kuno, mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech, anapanga ndege yotchedwa EcoSoar ndi kabolodi kamtundu womwewu, ndipo inauluka yokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode mpaka pabwalolo. Chofooka chake ndi chinyezi. Nthawi yabwino youlutsa ndi m'mamawa, ndiponso ndi nthawi imene udzu uli ndi mame, ndipo pepala likanyowa limakakatuka, phiko n'kufewa. Mankhwala ake ndi kulikuta lonse ndi selotepu yomatira makatoni. Kabolodi kena ka m'mashopu a mabuku ndi mapepala ku Lilongwe kamakhala ndi pepala lokhuthala, kolemera kwambiri kuposa kamene opanga pulani anagwiritsa ntchito. Kanyamuleni m'manja musanalipire, ndipo ngati n'kolemera, sendani pepala la mbali yam'kati.

Fomu yoyera ija imabwera m'katoni ya TV kapena firiji ndi yaulere, ndipo kupepuka kwake palibe chofanana nako. Kuti muiumbe kukhala phiko mumafunika waya wotentha. Ine ndinatenga waya wa gitala wopyapyala, n'kuukunga pa uta wa thabwa, n'kuulumikiza ku batire la 12V. Umadutsa mu fomu ngati mpeni mu papaya wakupsa. Zidutswa za m'makatoni zimakhala ndi mabowo ndi makona, choncho zimayenera thupi kuposa phiko. Yokhayokha ndi yofooka, imafuna msana m'kati ndi chikopa cha selotepu kunja.

Pali pulasitiki ija ya timipata m'kati imene amalembapo zikwangwani zotsatsa malonda. Siisweka, siiopa mame, koma ndi yolemera. Ndege yake imafuna mota yamphamvu ndipo imathamanga. Ine ndimadulako kachidutswa kotetezera mphuno basi.

Ndiye pali chiwale. Tonse tinakula tikuona mipando, zitseko ndi timagalimoto ta ana ta chiwale, koma ndi ochepa amene amachiganizira pa ndege. Mukachisenda khungu lolimba lija, m'kati mwake muli mtima wofewa wopepuka umene umasemeka ndi mpeni ndi kupalika ndi sandipepa. Ndapangapo nthiti za phiko ndi zotchingira m'kati mwa thupi, ndipo zinagwira. Chimafuna chouma kwenikweni, apo ayi chimapindika pamene mwamaliza kale kumata, komanso zidutswa ziwiri zofanana kukula sizilemera mofanana, ndiye yezani kuti phiko lamanja lisalemere kuposa lamanzere. Msana wa phiko ndimaika nsungwi yowazidwa, yosalazidwa mpaka kuonda ngati pensulo. Imalemera kuposa ndodo ya carbon yoitanitsa, koma ikathyoka ina ili kuseri kwa nyumba. Mapesi ndinayesa, musataye nthawi.

Kutola kuno si manyazi. William Kamkwamba wa ku Wimbe anayatsa magetsi kwawo ndi makina a mphepo opangidwa ndi zotola. Sipoko ya njinga imakhala ndodo yokankhira chiwongolero, ngakhale ndi yolemerapo ndipo imafuna kupala kuti ilowe m'bowo la servo. Khadi yakale ya ku banki imadulidwa kukhala tinyanga ta ziwongolero. Malegeni odulidwa mopyapyala amamanga phiko, ndipo kandege kakagunda mtengo phiko limangoseseleka m'malo mothyoka.

Ndikanati ndiyambirenso lero, ndikanapanga phiko ndi mchira za foam board, mphuno ya fomu yoyera yokhuthala, ndi mchira wolumikizidwa ndi ndodo ya nsungwi.

Guluu ndiye anandiphunzitsa mowawa. Ndinadontheza supa guluu pa fomu yoyera ndipo ndinaonerera bowo likukula lokha. Guluu womatira nsapato amachitanso chimodzimodzi, ngakhalenso penti wopopera. Guluu wa kandulo wosungunula ndi kamfuti ndi wachangu, koma ndi wolemera mukachulutsa, ndipo kandege mukakasiya padzuwa la October kapena m'galimoto yotseka amafewa. Guluu woyera wa akalipentala sadya fomu koma amafuna usiku wonse. Epoxy, guluu wolimba wochita kusakaniza mitundu iwiri, sungirani pamene pakhala mota.

Mota, pulopela ndi ESC

Injini za mafuta zimalira mokoma, koma zing'onozing'ono zambiri zimamwa methanol wosakaniza ndi oyilo wapadera, zimene simungazipeze pa filing'i siteshoni. Timota ta m'zidole ndi m'ma DVD tilibe mphamvu, ya m'drilu ndi yolemera. Chotsala ndi mota ya brushless, ya mawaya atatu, ndipo yofala ndi A2212, yolemera magalamu pafupifupi 50.

Imabwera ndi manambala osiyana a KV, kutanthauza kuti imazungulira kangati pa mphindi pa volti iliyonse ikakhala yopanda pulopela. Ya 1000KV imazungulira modekha ndipo imakonda pulopela yaikulu ya 10x4.5, ya mainchesi 10, amene ndi masentimita 25. Imakoka bwino, siiwononga batire, koma kumbuyo kwa phiko pulopela yotere imamenya ndodo ya mchira pokhapokha mota mutaikweza kwambiri. Ya 2200KV imayenda ndi kapulopela ka 6x4, kamene kamakwana paliponse, koma imalira ngati udzudzu waukulu ndipo imamwa moto. Pakati pali ya 1400KV ndi pulopela ya 8x4, imene ine ndimasankha. Chimene simuyenera kuchita ndi kuika pulopela yaikulu pa mota ya KV yokwera. Mudzamva fungo la waya wopserera kandege kasananyamuke.

Mapulopela itanitsani osachepera asanu. Mbali yolembedwa manambala iyang'ane kutsogolo kwa ndege, ngakhale mota ili yokankha. Ambiri amaitembenuza n'kumadabwa kuti mota ikulira koma mphamvu palibe. Mota ikamazungulira mobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu aja. Ndipo poyesa zamagetsi m'nyumba, pulopela ikhale m'thumba.

ESC ndi kachipangizo kokhala pakati pa batire ndi mota, kolamulira liwiro la motayo. Ya 30A ikwana. Onetsetsani kuti yalembedwa BEC ya 5V, chifukwa ndi imene imadyetsa risiva, kachipangizo kolandira mauthenga a rimoti, ndi ma servo. Zambiri za ma drone, zolembedwa OPTO, zilibe, ndipo mukalumikiza palibe chidzayake. Ma servo a SG90, a magalamu 9, ali ndi mano a pulasitiki amene amaguluka pakugwa. A MG90S ali ndi mano achitsulo ndipo amalemererapo pang'ono. Kwa kandege aka a SG90 akwana, mungogula anayi m'malo mwa awiri.

Batire

Apa ndi pamene anthu ambiri akuno amakakamira. Batire loyenera ndi LiPo la maselo atatu, lolembedwa 3S, 11.1V. La 2200mAh limalemera magalamu pafupifupi 180 ndipo limakupatsani mphindi khumi kapena kuposerapo mukamauluka mofatsa. La 1300mAh ndi lopepukirapo koma limatha msanga. Pa kandege ka mota yakumbuyo mphuno imafuna kulemera, ndiye la 2200mAh limagwira ntchito ziwiri.

Kulipeza ndiye nkhani. Ogulitsa ambiri akunja amatumiza mota ndi rimoti mosavuta koma amakana LiPo, chifukwa malamulo onyamulira mabatire amenewa pa ndege ndi okhwima. Munthu wapaulendo amaloledwa kunyamula osapitirira 100Wh m'chikwama cham'manja, osati mu sutikesi yopita kunsi, ndipo la 2200mAh ndi 24Wh chabe. Choncho m'bale wobwera kuchokera kunja ndi njira yodalirika kuposa positi.

Maganizo amene amabwera kwa aliyense ndi oti aphwasule batire la laputopu yakufa n'kutenga maselo ozungulira aja a 18650. Atatu amalemera magalamu pafupifupi 140 ndipo pa mita amaonetsa moto wokwanira. Ndinayesa. M'manja mota inalira bwino, koma nditangokweza mphamvu yonse moto unagwa, ESC n'kuidula. Maselo a laputopu anapangidwa kuti azipereka moto wochepa kwa nthawi yaitali, pamene mota yathu poponya imafuna 10A kapena kuposa. Amene amakwanitsa ndi a mtundu wa m'madrilu a batire, monga Samsung 25R, akakhala enieni. Aja a pamsika olembedwa 9900mAh ndi bodza loonekeratu: 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500mAh.

LiPo ndi laukali. Selo iliyonse imadzadza pa 4.2V, isatsike kupitirira 3.5V, ndipo mukalisunga masabata likhale cha pa 3.8V. Langa loyamba ndinalisiya lodzadza pawindo mwezi wa October, ndinalipeza litatupa ngati mandasi. Lotupa kapena lobooka lisagwirenso ntchito. Tchajani pa simenti kapena mumphika wadothi muli mchenga, inu muli pomwepo, kutali ndi denga la udzu ndi chigafa cha fodya.

Tchaja zilipo ziwiri zofala. Ya B3 ndi yotchipa, mumangoilowetsa pakhoma, koma imatenga maola atatu ndipo siitha kutsitsa batire kuti lisungike. Ya mtundu wa iMAX B6 imaonetsa moto wa selo iliyonse, imadzadza 2200mAh pa ola limodzi ndi pang'ono, ndipo imadya 12V. Kwa ife zimenezi ndi zazikulu: magetsi akazima, kapena ngati kwanu ndi ku Chamama kumene mumadalira sola, mumangoikoleka pa batire la sola kapena la galimoto.

Rimoti

Pano pokha kutola ndikukana. Rimoti ya kagalimoto ka ana ya 27MHz imangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo siifika patali. Anyamata okonda Arduino, kabolodi kamagetsi kolemberamo mapulogalamu, amapanga yawo ndi kawailesi kakang'ono ka nRF24L01, ndipo ndi phunziro labwino, koma kandege kakagwa simudzadziwa ngati cholakwa ndi dzanja lanu, phiko kapena pulogalamu.

FlySky FS-i6, ya 2.4GHz, ndi imene ambiri amayambira. Imabwera ndi risiva yake, imayendera mabatire anayi a AA, ndipo imafika kutali kuposa pamene maso angaone kandege ka masentimita 120. RadioMaster Pocket ndi yamakono, koma makonzedwe ake ndi ozunguza mutu poyamba, ndipo risiva yake muyenera kusankha yokhala ndi mapini olowetsapo ma servo. Ili ndi zabwino ziwiri zimene zimandikopa. Imayendera maselo awiri a 18650, ndipo apa a laputopu aja amagwira bwino lomwe. Chachiwiri, mumangoilumikiza pa kompyuta ndi chingwe cha USB n'kumaphunzira pa pulogalamu yoyeserera ngati PicaSim, pamene FS-i6 imafuna kachingwe kapadera. Kuyeserera kumeneku musakudumphe. Kandege kakatembenuka n'kumabwera kwa inu, manja ndi manzere zimasinthana, ndipo ndi bwino ubongo uzolowere zimenezi pa sikirini.

Iliyonse mwa ziwirizi, tengani ya Mode 2, ya mphamvu ya mota kumanzere, ndipo ikonzeni kuti mauthenga akaduka mota izizima yokha.

Tsiku loponya

Malo akhale otambalala, kutali ndi bwalo la ndege, mawaya a magetsi, msewu wa M1 ndi nkhalango yotetezedwa ya Kasungu. Mukafuna kuikapo kamera kapena kuuluka patali, yambani mwafunsa akuluakulu oyang'anira za ndege. Kumudzi yambani mwakagwada kwa a mfumu, kandege kali m'manja. Mawu oti ndege yopanda munthu ali ndi tanthauzo lina kwathu kuno, ndipo nditapita nako kumudzi kwa amayi, agogo ena sanakhutire mpaka atakagwira okha n'kunena kuti, "Aa, kodi ndi chiwale ichi, mwanawe?"

Ulutsani dzuwa likungotuluka. Miyezi ya mwera masana mphepo imakula, ndipo mu September ndi October akamvuluvulu amadzuka kukangotentha.

Chinapha kandege kanga koyamba sichinali mwera wokha, koma mchira wolemera. Yezani masentimita 5 mpaka 6 kuchokera kutsogolo kwa phiko la masentimita 20 lija, lembani timadontho kunsi kwake mbali zonse ziwiri, ndipo nyamulani kandege ndi zala ziwiri pa timadonthoto, batire lili m'kati. Kakhale mowongoka kapena mphuno iwerame pang'ono. Mchira ukatsika, sunthirani batire kutsogolo. Kenako pitani kudambo kumene udzu ndi wautali, mota ili chozima, kaponyeni molunjika kumene mphepo ikuchokera ngati mukupatsira mnzanu mpira. Kakatsetsereka mofatsa n'kukagona pa udzu chapatsogolo, katoleni, onani ngati malegeni sanasunthe, mukwezeko mota kufika pa theka n'kuponyanso.